Kujambula bwinja la jinale: yendani njira imene thonje linkayenda

Aliyense amene anakwerapo minibasi ku Blantyre amapadziwa pa Ginnery Corner. Makondakitala amakuwa dzinalo kuyambira m'mawa mpaka usiku, koma mutafunsa okwerawo kuti jinale yakeyo ili pati, ambiri angangokuyang'anani. Makina ochotsa njere ku thonje amene anapatsa malowo dzina anachoka kalekale, latsala ndi dzina lokha m'kamwa mwa anthu. Umu ndi mmene mafakitale amathera kwathu kuno. Amayamba kuchoka ndi antchito, kenako mawaya a kopa, zitseko, malata, njerwa, ndipo podzafika tsiku limene wina waganiza zojambula, amapeza pamera chimanga.

Amalume anga, alongo awo a mayi, anagwira ntchito pa jinale ina m'chigwa cha Shire kuyambira ali mnyamata mpaka tsiku limene geti linatsekedwa. Anali pa makina otsindira thonje kukhala mabelo, mitolo ikuluikulu yomangidwa ndi malamba. Jinaleyo ikadalipo, ngakhale ikunka nitha chaka ndi chaka, ndipo ndapitako katatu ndi kamera. Dzina lake ndi pamene ili sinditchula, chifukwa ogula zitsulo zakutha nawonso ali ndi mafoni. Nanunso mukajambula malo otere, musamalengeze pa Facebook njira yokafikirako.

Ulendo woyamba ndinabwerako ndi zithunzi zoposa 300: dzimbiri lofiira, magalasi osweka, kachere atang'amba khoma ndi mizu yake. Ndinawaonetsa amalume tili pakhonde pawo. Anayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenako anafunsa kuti, "Mphwanga, nanga thonje likulowera pati apa? Likutulukira pati?" Ndinasowa choyankha. Zimene ndinajambula zikanatha kukhala za fakitale ya fodya, ya tiyi kapena ya sopo, palibe akanasiyanitsa. Zonse ndilembe pano zachokera pa funso lawolo.

Lowerani pa geti

Bwinja la fakitale limaoneka ngati lilibe mwini, koma mwini amakhalapo. Akhoza kukhala kampani, boma, banki imene inalanda malowo pa ngongole, kapena munthu amene anagula n'kungosiya. Majinale athu adutsa m'manja ambiri. Ena mwa oyambirira anali a British Cotton Growing Association, bungwe limene linakhazikitsidwa ku Manchester mu 1902 kuti lipezere mafakitale a nsalu a ku Lancashire thonje. Kenako kunabwera mabungwe a boma, ADMARC kuyambira 1971, ndipo msika wa thonje utatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990 kunalowa makampani ena. Choncho dzina limene lalembedwa pa khoma nthawi zambiri si la mwini wa lero. Amene amadziwa ndi mlonda, poti amamudziwa yemwe amamulipira. Ngati palibe mlonda, kafunseni ku ofesi ya DC.

Lembani kalata yaifupi. Nenani kuti ndinu ndani, mukufuna kubwera tsiku liti, mudzakhala angati, ndipo zithunzizo mukachita nazo chiyani. Onjezerani kuti simudzachotsapo kanthu. Yankho likabwera, likhale papepala. Mlonda amalemekeza chidindo kuposa uthenga wa pa WhatsApp, ndipo sakulakwa, chifukwa china chikasowa wofunsidwa ndi iyeyo.

Pa intaneti mudzaona achinyamata a ku Ulaya ndi ku America akudzitama kuti analumpha mpanda usiku. Kuno musayese. Kulowa pamalo a eni popanda chilolezo ndi mlandu, komabe apolisi si amene ndimaopa kwambiri. Mlendo wobereka chikwama, wozungulirazungulira pa bwinja limene anthu akhala akubapo zitsulo, amatengedwa kuti ndi wakuba, ndipo tonse tikudziwa zimene khamu lokwiya limachita lisanafunse. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kum'mwera, ndipo kungokhala mlendo wonyamula zida zosadziwika kunali kokwanira kuti anthu akukayikireni. N'chifukwa chake ngakhale kalata ya mwini malo ili m'thumba, yambirani kwa anyakwawa. Khalani pansi, apatseni moni mosathamanga, fotokozani chimene mwadzera, aonetseni chiphaso chanu ndi kamera yeniyeniyo. Pemphani kuti munthu mmodzi wa m'mudzimo akuperekezeni, ndipo mumulipire tsiku lake.

Palinso malo ena amene ngakhale anyakwawa sangakutsegulireni. Ku Changalume, ku Zomba, kumene kunali fakitale ya simenti, tsopano kuli asilikali. Pafupi ndi malo a asilikali kamera imakhala m'chikwama mpaka akuluakulu awo atavomera.

Woperekeza wabwino kuposa onse ndi munthu amene anagwirapo ntchito pamalopo. Pafupi ndi jinale iliyonse yakufa pamakhala nkhalamba zimene zinali pa sikelo, pa macheka kapena m'nyumba ya injini, ndipo zambiri sizinafunsidwepo kanthu chichokereni. Musadikire. Makoma akhoza kudikira chaka china, anthu awa ayi. Ine ulendo wachiwiri ndi wachitatu ndinapita ndi amalume, ndipo zithunzi zimene ndimasunga ndi za maulendo awiriwa.

Mwezi ndi ola

M'chigwa cha Shire pitani mu Juni kapena Julayi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'shedi ya malata mumakhala ngati mu uvuni. Foni imatentha n'kudzizimitsa yokha, inu thukuta lili m'maso. Nthawi ya dzinja udzu umabisa maenje ndipo makoma onyowa ndi amene amagwa. Mu Juni kumazizirirako, njoka siziyendayenda kwambiri, komanso ndi nthawi yokolola thonje. Kujambula jinale yakufa kwinaku ngolo yodzaza ziguduli za thonje ikudutsa pamsewu kupita kwina, chithunzi chimenecho chimanena zambiri popanda mawu.

M'miyezi imeneyi dzuwa limadutsira chakumpoto, kotero khoma loyang'ana kumpoto limawala tsiku lonse, loyang'ana kum'mwera limakhala mumthunzi. Fikani cha m'ma 6 koloko m'mawa, mujambule kunja dzuwa lisanakwere. Likafika pamutu lowani m'kati, chifukwa nthawi imeneyo ndi pamene kuwala kumatsikira m'mabowo a denga ngati nsungwi zoyera zoimirira. Kukachita chiperoni musadandaule. Bernd ndi Hilla Becher a ku Germany, amene anatha zaka zambiri kuyambira 1959 akujambula mathanki a madzi ndi ng'anjo za zitsulo, ankasankha dala tsiku la mitambo, popeza mthunzi wakuda umameza mabawuti ndi mapaipi, pamene kuwala kofewa kumaonetsa chilichonse.

Zimene zingakuvulazeni

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene anthu amapeputsa.

Musalowe nokha, ndipo wina kunyumba adziwe kumene mwapita ndi ola limene mubwere. Valani jombo za pansi polimba, buluku lalitali lochindikala, malaya a manja aatali, magolovesi ndi helemeti, ngakhale yobwereka kwa omanga. Misomali yoyang'ana kumwamba imakhala paliponse. Ngati papita zaka 10 chibayitsireni katemera wa kafumbata, yambani mwapita kuchipatala. Tengani madzi ochuluka, tochi ziwiri, ndi ndodo yaitali. Ndodoyo ndi yogogodera pansi musanaponde. M'jinale muli maenje awiri aakulu amene muyenera kuwadziwa: limodzi pansi pa sikelo yoyezera magalimoto, lina pansi pa makina otsindira mabelo. Onse amadzaza madzi a mvula, pamwamba n'kuyandama zinyalala, ndipo mumdima amaoneka ngati simenti. Matabwa amene anavundikira maenjewo chiswe chinawadya m'kati, kunja akuoneka abwinobwino. Amalume anandigwira phewa ndisanaponde thabwa lina, analigogoda ndi ndodo kamodzi kokha, ilo n'kutibukira pansi ngati chikwa cha chimanga.

Musakwere padenga, zivute zitani. Madenga ambiri akale ndi a asibesito, aja otuwa ooneka ngati simenti, ndipo amathyoka osachenjeza. Asibesito yemweyo ankakulungira mapaipi otentha, ndipo akakalamba amayoyoka ngati ufa. Fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka, matenda ake amadzaoneka patapita zaka 20 kapena kuposa. Musathyole, musasese, musakhudze. Masiki ya buluu ija tinkavala nthawi ya Covid-19 siteteza ku fumbi limeneli. Funani yolembedwa FFP3 kapena P100, ndipo igwire bwino pamphuno. Masiki yomweyo ikuthandizani m'zipinda mmene mwadzaza ndowe za mileme, zimene fumbi lake limabweretsanso matenda a m'mapapo. Mukamva fungo lolasa mphuno ndipo pansi pali pofewa ngati pa utuchi, jambulani muli pakhomo.

Dziwani chimene fakitaleyo inkapanga, popeza poizoni wake amatsalira. Ku Kabwe, ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma dothi lake likudwalitsabe ana mpaka lero. Pa jinale choopsa ndi sitolo ya mankhwala opopera thonje. Kale ankagwiritsa ntchito DDT ndi ena amphamvu, ndipo mukapeza migolo yadzimbiri kapena matumba oyoyoka ufa, musatsegule, musanunkhize. Mafuta otayika pansi pa thiransifoma yakale nawonso musaponde.

Kenako zamoyo. Njuchi zimakonda m'mphako za makoma ndi m'mathanki ouma, ndipo mumazimva musanazione, choncho musalowe mutatseka makutu ndi nyimbo. Mavu amamanga pansi pa mafelemu a zitseko, pamlingo wa nkhope yanu. Mphiri sithawa, imangogona pamene mukufuna kuponda. Musapise dzanja m'paipi kapena pansi pa lata. Njoka ikaluma munthu, musatemepo, musayamwe, musamange ndi chingwe cholimba. M'khazikeni bata ndi kuthamangira naye kuchipatala, ndipo muzidziwiratu chipatala chapafupi musanalowe. Ikakulavulirani m'maso, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Ndipo pa mpanda yang'anirani chitedze, chifukwa mu Juni ndi pamene chakhwima.

Njira ya thonje

Tsopano ntchito yeniyeni. Musanatulutse kamera, yendani malo onse kamodzi ndi woperekeza wanu, akuuzeni chimene chinkachitika pena paliponse. Jambulani mapu pa kope ndi pensulo, ngakhale okhotakhota. Mukatero bwererani pa geti n'kuyamba.

Chithunzi choyamba ndi cha geti inu muli kunja, monga mlimi ankalionera akafika ndi ngolo yake. Imani patali ndithu kuti thanki ya madzi, denga la shedi ndi msewu zilowe pamodzi. Kenako sikelo. Pa jinale yathuyi mkono wa sikelo ukadali m'kanyumba kake, ndi kachitsulo kolembedwa Avery, Birmingham. Jambulani sikeloyo, koma jambulaninso kawindo kamene kalaliki ankaperekera tikiti, ndipo muimirire mbali ya mlimi. Amalume amati mikangano yonse ya pa jinale inkayambira pa kawindo kameneko, pa kulemera kwa thonje ndi pa giredi yake. Simenti ya m'munsi mwake inatha n'kukhala yosalala ndi zigongono za anthu. Kuti kusalala kotero kuoneke, kuwala kubwere cham'mbali. Ikani tochi pafupi ndi khoma, iwale mopingasa.

Kuchokera pa sikelo thonje linkapita m'shedi, n'kuunjikidwa mpaka kudenga. Shedi yopanda kanthu ndi yovuta kujambula, imangooneka ngati holo ina iliyonse. Funani mizere ndi manambala a penti pansi ndi pa nsanamira, osonyeza pamene mulu uliwonse unkathera. Yang'anani m'mwamba, mupeze paipi yaikulu ya malata imene inkayamwa thonje ndi mphepo kupita nalo ku makina. Itsatireni paipiyo ndi kamera, chithunzi ndi chithunzi, ngakhale pamene yadukapo. Mbedza zimene zinkaigwira zikuonetsani kumene inkalowera. Ndipo yang'anitsitsani pa mitanda ya denga ndi pa mawaya. Patapita zaka zonsezi ulusi wa thonje ukadali pamenepo, wotuwa, wosakanikirana ndi utatavu wa akangaude. Ndi umboni wokhawo wa chimene nyumbayi inkadya, ndipo ulendo woyamba ndinadutsa pansi pake osauona.

Mtima wa jinale ndi makina a macheka. Nzeru yake ndi yakale, yochokera ku makina amene Eli Whitney anapanga ku America mu 1793. Macheka ozungulira ambirimbiri amakhala pa shafiti imodzi, lililonse likudutsa pakati pa nthiti zachitsulo. Mano a macheka amakoka ulusi n'kuudutsitsa pa mpata wa nthitizo, koma njere sizingadutse, zimagwera pansi. Kuseri kwake maburashi kapena mphepo zimachotsa ulusi pa mano. Pa makilogalamu 100 a thonje la mlimi, ulusi umatuluka pakati pa 33 ndi 40, zotsalazo zambiri ndi njere, zimene zinkapita kokayenga mafuta, ku chakudya cha ng'ombe, kapena kubwerera kwa alimi ngati mbewu. Mukadziwa zimenezi mumadziwanso zoti mujambule. Chimodzi chikhale cha makina onse mutaima kutsogolo kwake ndendende. China chikhale cha mzere wa macheka mutayang'ana motsata shafiti, kamera ili pamlingo wa mano. Chachitatu ndi cha pansi, pamene pali chitsulo chopotoka chimene chinkakankha njere kupita kunja. Macheka adzimbiri amachekabe, manja akhale kutali.

Pa makina aliwonse funani kachitsulo kolembedwa dzina la kampani, mzinda, nambala ndipo nthawi zina chaka. Kapukuteni ndi nsalu youma basi, osakapala, osakazula. Tizitsulo timeneti ndi timene tidzakuuzeni pambuyo pake zaka za fakitaleyo ndi kumene makina anachokera. M'nyumba ya injini tinapeza maziko okha ndi mabawuti aakulu ataimirira, injini inapita kalekale, koma pa khoma panatsala tchati cha mafuta chokhala ndi dzina la Ruston, kampani ya ku Lincoln ku England. Pamene makina achoka, jambulani chimene asiya: mabawuti, banga la mafuta pa simenti, mzere wakuda pa khoma pamene lamba ankakhula. Amalume anayeza ndi mapazi kutalika kwa mazikowo, n'kundiuza kuti injini ikalira, madzi a m'kapu ankanjenjemera ku malayini kumene antchito ankagona.

Ulusi ukachoka pa macheka unkauluzidwa m'ngalande yamalata kukafika ku makina otsindira. Apa ndi pamene amalume anathera zaka zawo zonse za ntchito, ndipo apa tinakhalapo ola lathunthu. Pali bokosi lalitali la matabwa ndi zitsulo. Ulusi unkagweramo, chitsulo china n'kumaupondereza, kenako chitsulo chachikulu chochokera m'dzenje la pansi chinkakankha ndi mphamvu ya mafuta mpaka mulu wonse utasanduka belo limodzi. Zitseko zikatsegulidwa anthu ankalowetsa malamba achitsulo m'mipata, n'kumanga. Anandionetsa pamene ankaima, phazi lamanzere pa chitsulo china chimene chinasalala ndi kupondedwa. Anandionetsanso mizere ya choko pa nsanamira, isanuisanu, imene ankawerengera mabelo a shifiti. Ine ndinkaiyesa zolembalemba za ana. Ndinawapempha aime pomwepo monga ankaimira, dzanja pa chogwirira. Munthu m'chithunzi amaonetsa kukula kwa makina, ndipo munthu amene anawagwiritsa ntchito amaima mosiyana ndi mlendo.

Musaiwale za moto. Thonje limayaka ngati petulo, ndipo kamwala kakang'ono kakagunda macheka kankatha kuyatsa jinale yonse. Antchito ankasechedwa machesi pa geti. Jambulani mbedza za zidebe za mchenga, mapaipi ofiira, ndi zikwangwani zoletsa fodya, makamaka zolembedwa m'Chichewa cha kalembedwe kakale.

Njira imathera pa njanji. Kuseri kwa shedi ya mabelo funani nsanja ya simenti imene ankakwezerapo katundu m'mabogi, ndi zitsulo za njanji ngati sizinazulidwe. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935 mabelo ankayenda pa sitima mpaka ku Beira. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njira imeneyo m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1997 madzi anakokolola njanji pa Chiromo. Chithunzi cha njanji ikulowa m'tchire, mtengo utamera pakati pake, ndi gawo la yankho la funso loti n'chifukwa chiyani malo ngati awa anafa. Gwadani, kamera ikhale pafupi ndi chitsulo, kuti mizere iwiriyo itsogolere diso.

Kamera mumdima

M'kati mwa fakitale muli mdima wambiri kuposa mmene maso amakuuzirani. Chida chofunika koposa si kamera yodula koma tripod, choimikirapo kamera cha miyendo itatu. Ikani ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) pa 100 kapena 200, bowo la lenzi pa f/8, ndipo shutter, kachitseko kolowetsa kuwala, ikhale yotsegula mmene ingafunire. M'shedi ya macheka ndinkafika masekondi 8 mpaka 15. Musadine ndi chala, chifukwa kamera imagwedezeka. Gwiritsani ntchito timer ya masekondi awiri. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, kuti mudzathe kudzutsa mithunzi pa kompyuta.

Vuto lalikulu ndi mawindo ndi mabowo a denga. Mukatsata mdima, windo limangokhala loyera mbee. Mukatsata windo, makina amada bii. Kamera ili chiimire pa tripod, jambulani katatu mukusintha mlingo wa kuwala: pa -2 (chakuda), pa 0 ndi pa +2 (chowala), mudzaphatikize zithunzizo pa kompyuta pambuyo pake. Koma phatikizani mofatsa. Zithunzi zija zimene njerwa iliyonse imawala ngati yapakidwa vanishi zimanama, chifukwa malowo sanali otero. Mdima wina usiyeni ukhale mdima. Pamene kuwala sikufika n'komwe, tsegulani shutter masekondi 20, muyendetse tochi pang'onopang'ono pa makinawo mutaima chambali, osati kuseri kwa kamera. Fulashi ya pamwamba pa kamera imaphwatalala chilichonse ndi kuwalitsa fumbi la m'mlengalenga, ndiye izimitseni.

Lenzi yotambalala, ya 16 mpaka 24 mm, ndi yoyenera m'zipinda, koma mukaloza kumwamba nsanamira zimapendekera m'kati ngati nyumba ikugwa chagada. Sungani kamera mowongoka, bwererani m'mbuyo mutayang'ana kaye pamene mukuponda, zotsalazo mudzadule. Musasinthe lenzi m'kati muno, fumbi limalowa, tulukani panja.

Amene muli ndi foni yokha musagwe mphwayi. Zithunzi zina zimene ndimazikonda ndinajambula ndi foni. Pukutani lenzi kaye. Gulani kogwirira foni pa tripod, kapena itsamizeni pa njerwa. Ngati ili ndi Pro mode, tsitsani ISO, talikitsani shutter, ikani timer. Dinani ndi kugwiritsa pa chinthu chimene mukufuna kuti chioneke bwino mpaka foni itatseka pamenepo, kenako tsitsani kuwala pang'ono. Lenzi ya 0.5 imakhotetsa m'mphepete ndipo mumdima ndi yofooka, choncho igwiritseni ntchito pokhapokha malo akathina. Tengani power bank.

Musasunthe zinthu kuti chithunzi chikongole. Jombo imodzi ikakhala pakona, isiyeni pakonapo. Mukapeza mabuku a maakaunti kapena makadi a antchito m'kaofesi, jambulani tsamba lililonse limene likutheka osaling'amba, muwabwezere pomwepo, ndipo muuze mwini malo kuti mapepala otere malo ake ndi ku National Archives ku Zomba. Mayina a anthu amene ali m'makadiwo musawaike pa intaneti. Ana awo ali moyo, ndipo ena amakhala kuseri kwa mpanda womwewo. Mabwinja ena amakhalamo anthu. Mukaona mafuwa, mphasa kapena zovala pa chingwe, pamenepo ndi pakhomo pa munthu: odirani, ndipo musajambule asanavomere. Ana amene adzakutsatireni musawalole kulowa nanu, ndipo musawajambule popanda makolo awo.

Mukafika kunyumba

Jombo vulirani panja, zovala chapani pazokha, sambani musananyamule mwana. Usiku womwewo, mutu usanaiwale, koperani zithunzi malo awiri, ndipo lembani pansi pa chilichonse chimene chili, tsiku, ndi zimene woperekeza ananena. Ngati anavomera kuti mumujambule mawu pa foni, sungani mawuwo pamodzi ndi zithunzizo. Pa mazana amene mwajambula sankhani 20 kapena 30, muziyale motsata njira ya thonje: geti, sikelo, shedi, paipi, macheka, njere, injini, chotsindira, njanji. Pamene mndandanda waduka mudzaona nokha, ndipo chimenecho ndicho chifukwa cha ulendo wotsatira. Kuti mufananize ndi mmene majinale ankaonekera akugwira ntchito, kafufuzeni m'laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, mmene amasunga zithunzi ndi mabuku akale.

Tsukitsani zingapo papepala, mubwerere nazo. Chimodzi kwa anyakwawa, china kwa mlonda, zina kwa amene anakuperekezani. Ine ndinayala zanga pa mphasa pakhonde pa amalume, kuyambira geti mpaka njanji. Anaitana anzawo awiri amene anali nawo shifiti imodzi, ndipo atatuwo anayenda ndi zala pa zithunzizo, akutchulana mayina a akapitawo ndi a anzawo amene anatsogola. Atafika pakati, mmodzi anaika chala pa mphasa, pa mpata wa zithunzi ziwiri.

"Apa pakusowa fani yaikulu ija," anatero. "Ili kuseri kwa khoma la injini, m'kanyumba kopanda windo. Popanda iyo thonje silikanakwera paipi."

"Ikadalipo, agogo?" ndinafunsa.

"Mwezi wathawu inalipo. Mupite msanga, mwanawe."

Ndalemba kale kalata ina yopempha chilolezo. Ndikupitanso mu Juni, ndi tochi yamphamvu, ndipo agogowo avomera kundiperekeza.